Mafunso ndi mayankho: makoodineti ndi zoyeza za asaveya mu mapulogalamu ojambulira mapulani

Zosokonekera zambiri pakati pa asaveya ndi mainjiniya ojambula mapulani siziyambira pa makina oyezera. Zimayamba manambala akachoka kwa munthu mmodzi kupita kwa wina popanda mawu onena kuti anayezedwa pa dongosolo liti. Mafunso otsatirawa ndi amene amabwerabwera kwa ogwiritsa ntchito Civil 3D, Revit, MicroStation, QGIS ndi mapulogalamu ena otere.

Ndalandira fayilo yokhala ndi easting (mtunda wolowera kummawa), northing (mtunda wolowera kumpoto) ndi kukwera kwa malo. Kodi ndingayambe kujambula?

Musayambe musanafunse zinthu zisanu: datum yake, projection (njira yoyalira nkhope yopindika ya dziko pa pepala) ndi zoni yake, muyeso wake ngati ndi mamita kapena mafiti, kumene kukwerako kwawerengedwa kuchokera, komanso ngati mitunda ili ya pa grid, kutanthauza ya pa mapu oyalidwawo, kapena ya pansi penipeni.

Datum ndiyo imasocheretsa anthu kwambiri chifukwa siioneka pa manambala. Dziko si lobulungira ndendende, ndi lophwatalala pang'ono kumpoto ndi kummwera kwenikweni, choncho asaveya amaliyerekeza ndi chinthu chosalala chotchedwa ellipsoid. Datum imanena kuti ellipsoid yake ndi iti ndipo yakhazikidwa pati. WGS84, imene GPS imagwiritsa ntchito, ili ndi pakati pake pakatikati pa dziko lonse. Madatum akale monga Arc 1950, OSGB36 ndi NAD27 anawakhazika kuti agwirizane ndi dera limodzi lokha. Bikoni imodzi yomweyo imakhala ndi manambala osiyana pa datum iliyonse. Pakati pa Arc 1950 ndi WGS84 kusiyanako kumaposa mamita 100 ndipo m'madera ena kumayandikira 300. Mafayilo awiri onse akhoza kulembedwa kuti ndi a zoni imodzi ya UTM (projection yogawa dziko m'mazoni), manambala ake n'kumaoneka ofanana, koma msewu wa mu fayilo imodzi n'kudutsa pamene fayilo inayo ikusonyeza nyumba.

Nambala ya EPSG ndi chiyani?

Ndi nambala imene imatchula dongosolo lonse la makoodineti mosasiya mpata wolimbana. EPSG:4326 ndi latitude ndi longitude za WGS84. UTM ya WGS84 kumpoto kwa ikweta imayamba ndi 326, kummwera ndi 327, kenako nambala ya zoni, moti EPSG:32736 ndi zoni 36 ya kummwera. EPSG:3857 ndi Web Mercator ya mapu a pa intaneti, ndipo simuyenera kujambulirapo chinthu chomangidwa: pa latitude ya madigiri 15 imatalikitsa mitunda ndi pafupifupi 3.5 peresenti, pa madigiri 60 imaiwirikiza kawiri.

Kulemba kuti "UTM 36" n'kosakwanira. Lembani nambala ya EPSG pamodzi ndi dzina lonse.

Mapointi anga agwera pamalo olakwika. Ndidziwa bwanji chimene chavuta?

Musawakoke ndi mbewa kuti akhale pamene mukuganiza. Yambani mwayeza kuti aphonya ndi mtunda wotani komanso mbali iti, pa mapointi osachepera atatu otalikirana. Kukula kwa kuphonyako n'kumene kumaulula gwero lake.

Ngati chojambula chonse chatembenuka ngati mukuchiona pa galasi ndipo chili kutali kwambiri, mwasinthanitsa easting ndi northing. Asaveya ambiri amalemba northing poyamba, pamene CAD imatenga X, amene ndi easting, poyamba. Mu Civil 3D izi zimachitika mukasankha kalembedwe ka PENZD (easting patsogolo) pa fayilo ya PNEZD (northing patsogolo). Fayilo ya mtundu wa LandXML nayonso imaika northing patsogolo. Dongosolo la Lo la ku South Africa lili ndi msampha wakewake, chifukwa Y wake amakula kulowera kumadzulo ndipo X amakula kulowera kummwera. Polowetsa mu CAD muyenera kuwasinthanitsa ndi kutembenuza zizindikiro za onse awiri.

Kuphonya kwa makilomita 10,000 kulowera kumpoto kapena kummwera kumatanthauza kuti mwasankha mbali yolakwika ya ikweta, pakuti UTM ya kummwera imawonjezera mamita 10,000,000 pa northing. Makilomita mazanamazana kummawa kapena kumadzulo ndi zoni yolakwika: mazoni alipo 60, iliyonse ndi yotambalala madigiri 6, omwe pa ikweta ndi makilomita pafupifupi 668. Zonse zikakula kapena kuchepa ka 1,000, mwasakaniza mamita ndi mamilimita. Zikasintha ka 3.28, ndi mamita ndi mafiti.

Zovuta kugwira ndi zing'onozing'ono. Kuphonya kofanana paliponse kwa mamita makumi kapena mazana angapo kawirikawiri ndi datum. Kwa mita imodzi kapena awiri kumachokera ku base ya GNSS (makina oimikidwa pamalo amodzi olandira masetilaiti monga a GPS) imene inayatsidwa pamalo osadziwika n'kungodziwerengera yokha pamene ili, kapena ku kusiyana kwa chaka cha datum, chifukwa nthaka imayenda. Australia imasuntha masentimita pafupifupi 7 pachaka, ndipo pakati pa madatum ake a GDA94 ndi GDA2020 pali kusiyana kwa mamita pafupifupi 1.8. Kuphonya kumene kuli kochepa pa bikoni imodzi koma kukukula mukamatalikira ndi kwa scale factor (nambala imene grid imafupikitsira kapena kutalikitsira mitunda) ngati kukutsata mzere woyezawo, ndi kwa kupotoka kwa kumpoto ngati kukupita chammbali.

Pa mafayilo ochokera ku United States palinso mafiti a mitundu iwiri. International foot ndi mamita 0.3048 ndendende, US survey foot ndi 1200/3937 ya mita. Zimasiyana ndi magawo 2 pa miliyoni, zomwe pa khoma la nyumba sizioneka, koma pa northing ya mafiti 2,000,000 zimasuntha ntchito yonse ndi mafiti 4. US survey foot inasiyidwa mwalamulo kumapeto kwa 2022, koma mafayilo akale akadali nayo.

Ndasintha zoni mu Drawing Settings koma palibe chimene chasuntha. Kodi pulogalamu yalakwa?

Sinalakwe. Kuuza pulogalamu dongosolo la fayilo ndi kusamutsa fayilo kupita ku dongosolo lina ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mukasankha zoni pa Units and Zone mu Civil 3D, kapena ndi MAPCSASSIGN, mwangomata dzina pa manambala amene alipo kale. Ndi chimodzimodzi ndi Assign Projection mu QGIS kapena Define Projection mu ArcGIS. Kusamutsa kwenikweni kumawerengeranso nambala iliyonse: mu QGIS ndi Reproject Layer, mu ArcGIS ndi Project, ndipo mu Civil 3D mumatsegula chojambula chatsopano chokhala ndi dongosolo limene mukufuna, n'kulumikiza chakalecho kudzera mu Map Explorer, kenako n'kukoka zinthuzo ndi query.

Kusamutsako kumatuluka bwino pokhapokha dzina loyambalo lili loona. Mukamata WGS84 pa manambala a Arc 1950 kenako n'kuwasamutsa, pulogalamu sidandaula, ingokupatsani manambala olakwika owerengedwa bwino.

Posamutsa datum onaninso maparamita amene pulogalamu yasankha. A manambala atatu, ongosuntha X, Y ndi Z, nthawi zambiri amaphonya ndi mamita angapo, ndipo ndi oyenera mapu, osati maziko a mlatho. A manambala asanu ndi awiri amalembedwa m'njira ziwiri, Position Vector ndi Coordinate Frame, zimene zimasiyana pa zizindikiro za manambala atatu opotokola. Mukakopera maparamita a njira imodzi mu pulogalamu yoyembekezera inayo, zotsatira zimaphonya mwakachetechete.

Mtunda wa pa pulani ukusiyana ndi umene total station (makina oyezera ngodya ndi mitunda) ikuwerenga pansi. Wolondola ndi uti?

Onse awiri, koma akuyeza pa malo osiyana. Nkhope yopindika ya dziko singayalidwe pa pepala popanda kuikoka kapena kuifinya. UTM imafinya mitunda pa mzere wapakati wa zoni ndi 0.9996, kutanthauza kuti kilomita imodzi imafupika ndi masentimita 40. Mukatalikira mzerewo ndi makilomita pafupifupi 180 mbali iliyonse, nambalayo imafika pa 1. Kupitirira apo mitunda ya pa grid imayamba kuposa yeniyeni, ndipo m'malire a zoni pafupi ndi ikweta imayandikira 1.0010, mita yathunthu pa kilomita.

Pamwamba pa zimenezo pali kukwera kwa malo. Mtunda woyezedwa pa phiri ndi wautali kuposa chithunzi chake pa ellipsoid. Nambala yake ndi R/(R+h), pomwe R ndi mamita pafupifupi 6,371,000 ndipo h ndi kukwera kuchokera pa ellipsoid. Pa mamita 1,000 imatuluka 0.999843, masentimita pafupifupi 16 pa kilomita. Mukachulukitsa ziwirizo mumapeza combined scale factor. Pa malo okwera mamita 1,000 pafupi ndi mzere wapakati, 0.9996 × 0.999843 = 0.999443. Mtunda wa mamita 1,000.000 pansi umakhala 999.443 pa grid.

Masentimita 56 pa kilomita ndi mamilimita 56 pa mamita 100. Pa ntchito yokumba ndi kuthira dothi palibe amene angaone. Pa nyumba yazitsulo zodulidwa kale ku fakitale, kapena pa mlatho wa mitanda ya konkire youmbidwa kale, mabawuti sakumana ndi mabowo ake.

Ndiye tijambule pa grid kapena pa mitunda ya pansi?

Nyumba, fakitale, mlatho ndi chilichonse chimene zigawo zake zimapangidwa kwina zijambulidwe pa mitunda ya pansi, scale factor ikhale 1. Msewu wautali, njanji kapena paipi ya makilomita ambiri imayenda bwino pa grid, chifukwa scale factor imasintha m'njira ndipo nambala imodzi singakwanire ntchito yonse. Zikatero aliyense wokhoma zikhomo ayenera kuika scale factor mu total station yake. Pa ntchito zikuluzikulu ena amapanga projection yawoyawo, yokhala ndi mzere wapakati wodutsa pa ntchitoyo ndi scale factor yogwirizana ndi kukwera kwa malowo, ndipo kumene n'kotheka iyi ndi njira yabwino koposa.

Popanga dongosolo la pansi kuchokera ku grid, sankhani bikoni imodzi yolimba pakati pa ntchito. Werengani combined scale factor pa bikoniyo. Kulitsani X ndi Y za mapointi onse mozungulira bikoniyo ndi 1 kugawa ndi nambalayo, osakhudza Z. Lamulo la SCALE la mu AutoCAD limakulitsa mbali zonse zitatu, choncho limawononga kukwera ngati simusamala. Pomaliza chotsani nambala yaikulu yodziwika pa easting ndi northing, mwachitsanzo 500,000 ndi 8,000,000, kuti manambala atsopanowo asafanane ndi a UTM. Gawo lomalizali anthu amalidumpha, koma ndi limene limateteza munthu wobwera pakatha miyezi kuti asasakanize mafayilo awiriwo.

Mukakulitsa mozungulira 0,0 m'malo mwa bikoni, northing ya 8,400,000 yochulukitsidwa ndi 1.000557 imasuntha makilomita pafupifupi 4.7. Maofesi ena amatero mwadala, ndipo si kulakwa ngati zalembedwa pa pulani.

Kukwera kwa GNSS kukusiyana ndi kwa benchmark ndi mamita ambiri. Chifukwa chiyani?

GNSS imayeza kukwera kuchokera pa ellipsoid. Benchmark, chizindikiro chokhazikika cha kukwera kwa malo, imawerengera kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, umene umatsata geoid (nkhope imene madzi odekha angakhale nayo chifukwa cha mphamvu yokoka ya dziko), ndipo madzi amayenda motsata geoid, osati ellipsoid. Ubale wake ndi H = h − N, pomwe H ndi kukwera kuchokera pa geoid, h ndi kukwera kuchokera pa ellipsoid, ndipo N ndi mpata wa pakati pa geoid ndi ellipsoid. Pa dziko lonse N imachoka pa mamita pafupifupi −106 kummwera kwa India kufika pa +85 cha ku New Guinea, ndipo imasintha ngakhale mkati mwa ntchito imodzi yaitali. Ndiye kungochotsa nambala imodzi pa mapointi onse kumagwira pa malo aang'ono okha.

Funsani saveya kuti anaika geoid iti mu makina ake, kaya EGM96, EGM2008 kapena ya dziko limene ntchito ili, chifukwa zimasiyana pazokha. Onaninso kuti geoid sinachotsedwe kawiri, koyamba mu makina a kumunda, kachiwiri mu pulogalamu ya mu ofesi. Pa ngalande ndi mapaipi oyenda ndi kutsetsereka, kumene mamilimita amawerengedwa, kukwera kwa mabikoni kutsimikizidwe ndi levulo. RTK, njira yoyezera ndi GNSS mothandizidwa ndi base, imaphonya masentimita 2 kapena 3 pa kukwera ngakhale zonse zili bwino.

Kumpoto kwa pa pulani ndi kumpoto kwenikweni?

Pa mzere wapakati wa zoni ndi pa ikweta pokha. Kwina konse kumpoto kwa grid kumapotoka ndi ngodya yotchedwa convergence, imene mungaiyerekeze pochulukitsa kusiyana kwa longitude ndi sine ya latitude. Madigiri 2 kuchokera pa mzere wapakati, pa latitude ya madigiri 15, amapereka pafupifupi theka la digiri, lomwe pa kilomita imodzi ndi mamita 9 chammbali. Kumpoto kwa kampasi ndi kwachitatu, ndipo kumasintha chaka ndi chaka. Muvi wa pa pulani ulembedwe kuti ukuloza kumpoto kuti.

Ndili ndi chojambula chakale cha makoodineti ongopeka. Ndichigwirizanitsa bwanji ndi mabikoni?

Pezani mapointi amene ali mu chojambulacho ndipo akadalipo pansi, makamaka mabikoni kapena ngodya za nyumba zolimba, ndipo saveya awayeze pa dongosolo latsopano. Njira yoyenera ndi Helmert ya manambala anayi: kusuntha kummawa, kusuntha kumpoto, kupotokola ndi kukulitsa. Mapointi awiri amakwanira kuwerengera, koma amakunamizani, chifukwa ndi awiri okha zotsalira (kuphonya kotsala pa pointi iliyonse) zimatuluka ziro nthawi zonse, ngakhale imodzi ili yolakwika ndi mita. Gwiritsani ntchito anayi kapena kuposa, ozungulira ntchito yonse, ndipo musunge ena awiri kunja kwa kuwerengerako kuti muyesere zotsatira.

Mapointi oyandikana ndi oopsa. Awiri otalikirana mamita 50, imodzi itaphonya masentimita 2, amapotokola chojambula moti pa kilomita imodzi chimaphonya masentimita 40.

Yang'anani nambala yokulitsira imene yatuluka. Ikhale pafupi ndi combined scale factor ya malowo kapena ndi 1. Ikatuluka 1.003, pali pointi yolakwika kapena chojambulacho chinachokera pa pepala lotamuka. Lamulo la ALIGN mu AutoCAD limafunsa ngati mukufuna kukulitsa, ndipo pa chojambula cha nyumba yankho ndi No. Affine ya manambala asanu ndi limodzi imachepetsa zotsalira pokhotetsa ngodya, choncho ndi yoyenera mapu akale osikanidwa, osati pulani imene makoma ake ayenera kukhala a madigiri 90. Pointi imodzi ikakhala ndi chotsalira chachikulu, musangoichotsa kuti manambala akongole. Pitani mukaione, mwina bikoniyo inagundidwa ndi galimoto kapena inazulidwa n'kubwezeretsedwa.

Nanga site calibration ya GNSS?

Ndi Helmert yomweyo yochitikira mu makina a kumunda, ndipo malamulo ake ndi omwewo. Pamafunika mabikoni osachepera atatu pa easting ndi northing kuti zotsalira zioneke, ndi anayi pa kukwera ngati mukulola makinawo kupendeketsa mlingo. Kunja kwa mpanda wa mabikoniwo kupendekekako kumakula msanga, ndiye musayeze kumeneko. Calibration ikhale imodzi pa ntchito yonse, fayilo yake igawidwe kwa saveya wa kontrakitala ndi makina okumba oyendera GNSS. Gulu lililonse likapanga yake, mbali ziwiri za msewu zimakumana ndi sitepe.

N'chifukwa chiyani mizere imanjenjemera, ma arc amathyoka, kapena Revit imakana fayilo ya saveya?

Manambala a UTM ndi aakulu. Mapulogalamu ambiri amasunga makoodineti ndi manambala olondola mpaka madijiti 15 kapena 16, koma zoonetsa pa sikirini ndi mafayilo ena a 3D amagwiritsa ntchito a madijiti pafupifupi 7. Pa northing yoposa 8,388,608, nambala yotere singasiyanitse chilichonse chochepera mita imodzi. Mukajambula mu mamilimita vuto limakula, chifukwa manambala onse amatalika ndi madijiti atatu.

Revit imafuna kuti chojambula chonse chikhale mkati mwa makilomita 16 kuchokera pa Internal Origin. Nyumba ijambulidwe pafupi ndi pamenepo, yowongoka pa Project North. Fayilo ya saveya ilowe ndi Link CAD, muisunthe ndi kuipotokola mpaka igwirizane ndi nyumbayo, kenako mugwiritse ntchito Acquire Coordinates. Apa chimene mukusuntha ndi chithunzi cha fayiloyo mu Revit, DWG yeniyeniyo sikhudzidwa. Survey Point ndi True North zimatenga manambala a saveya, ndipo mafayilo a mainjiniya ena amalowa ndi By Shared Coordinates. Musanatero yeretsani DWG: kachidutswa kamodzi koiwalika pa 0,0 kamatambasula fayilo mpaka makilomita zikwi zambiri.

Revit sidziwa za scale factor, imangosuntha ndi kupotokola. Mukaipatsa fayilo ya pa grid, nyumba igwirizana pa bikoni imodzi n'kumaphonya pang'onopang'ono kwina. Potumiza IFC4, manambala osunthira, opotokolera ndi okulitsira amakhala mu IfcMapConversion, ndipo dzina la dongosolo mu IfcProjectedCRS. Tsegulani fayiloyo mu pulogalamu ina muone ngati alowadi.

Kodi ndingapotokole chojambula cha saveya kuti chikwane bwino pa pepala?

Potokolani maonekedwe, osati zinthuzo. Gwiritsani ntchito UCS (makoodineti odziikira nokha mu AutoCAD) kapena kupotokola kwa viewport, ndipo mubwerere ku World musanawerenge makoodineti, musanalumikize xref (chojambula china cholumikizidwa kuchokera kunja), kapena musanatumize mapointi. Xref ilowe pa 0,0,0, scale 1, rotation 0, ndipo INSUNITS ifanane m'mafayilo onse awiri. Fayilo yoyamba ya saveya isungidwe yosasinthika.

Ndinangotsegula CSV mu Excel n'kusunga. Chasintha n'chiyani?

Excel imasunga mu CSV manambala monga akuonekera pa sikirini. Ngati danga likuonetsa madesimali awiri kapena likufupikitsa nambala kukhala 8.4E+06, zotsalazo zatayika. Imachotsanso maziro oyambirira pa mayina a mapointi, ndipo pa kompyuta imene imagwiritsa ntchito koma ngati desimali, madanga amasokonekera. Tsegulani mafayilo otere ndi pulogalamu ya malemba wamba.

Pa madigiri samalani kalembedwe. Makina ena amalemba madigiri 15 ndi maminiti 30 ngati 15.30, pamene pulogalamu imawerenga 15.30 ngati madigiri 15 ndi maminiti 18. Maminiti 12 amenewo ndi makilomita pafupifupi 22. Madesimali asanu a digiri amalondola mpaka mita imodzi, ndipo kuti mufike pa milimita pamafunika asanu ndi atatu.

Pulani yanga sikugwirizana ndi chithunzi cha Google Earth. Ndisunthe?

Ayi. Zithunzi zimenezo zimaphonya ndi mamita angapo, makamaka m'mapiri, ndipo zithunzi za zaka zosiyana sizigwirizana zokhazokha. Zimathandiza kugwira zoni kapena datum yolakwika, basi.

Msewu wathu ukudutsa malire a mazoni awiri. Titani?

Sankhani zoni imodzi ya ntchito yonse ngati mbali yolowa mu zoni inayo ndi yaifupi. Masamu a projection amagwirabe kunja kwa malire, scale factor yokha ndiyo imakula, ndipo muyenera kuiwerengera. Ntchito ikakhala yaitali mbali zonse ziwiri, iduleni pa malo owongoka, osati pa khona kapena pa mlatho, ndipo mabikoni a pamalirepo akhale ndi makoodineti a mazoni onse awiri.

Tisanatumize mapulani kumunda, tiyese chiyani ndipo tilembe chiyani?

Tengani mabikoni atatu otalikirana, muwerenge makoodineti ake mu fayilo iliyonse imene ikutuluka, kaya DWG, LandXML, IFC kapena ya makina okumba, ndipo muyerekeze ndi mndandanda wa saveya mpaka pa milimita. Kumunda, tsiku lililonse liyambe ndi kuyeza bikoni yodziwika imene sinagwiritsidwe ntchito poimika makina, ndipo lithe chimodzimodzi. Pamenepo ndi pamene kutalika kolakwika kwa antenna kapena prism constant (nambala yokonzera mtunda woyezedwa pa galasi la total station) yolakwika, monga 0 m'malo mwa −30 mm, zimagwidwira konkire isanathiridwe.

Pa pulani iliyonse palembedwe dzina la dongosolo ndi nambala ya EPSG, chaka cha datum ngati chilipo, muyeso, benchmark ndi geoid, mawu onena ngati mitunda ili ya pa grid kapena ya pansi, combined scale factor mpaka madesimali asanu ndi atatu, bikoni imene anakulitsira, manambala amene anachotsedwa pa easting ndi northing, ndi makoodineti a mabikoni osachepera atatu pa madongosolo onse awiri. Zomwezo zilembedwenso mkati mwa fayilo ya DWG, mu model space pafupi ndi ntchitoyo, chifukwa amene amalandira xref nthawi zambiri saona pepala la title block.